Mpope watsopano wa mfuti: kuuzoloweretsa n'kofunikadi?

Ku America, komwe kuwombera chandamale ndi masewero a kumapeto kwa sabata, pali mkangano womwe sukutha. Munthu akagula mfuti yatsopano, anzake amamuuza kuti ayambe wauzoloweretsa mpope wake: awombere chipolopolo chimodzi, apukute mkati, awomberenso china, apukutenso, mpaka kakhumi kapena kuposa. Tsiku lonse limangothera pa thonje ndi mankhwala otsukira.

Maganizowa ali ndi mutu wake. Mkati mwa mpope muli timizere tokhotakhota tomwe timazungulitsa chipolopolo kuti chiwongoke. Poyambira timizereti, pomwe eni ake amati pakhosi, chitsulo chobowolera chimasiya timikwingwirima. Chipolopolo chimakhala chokutidwa ndi mkuwa, ndiye chikamadutsa pamenepo mkuwawo umapalika n'kumamatira m'kati mwa mpope. Kampani ya Krieger ya ku Wisconsin, yomwe imapanga mipope ya mipikisano, imalangiza kupukuta pafupipafupi poyambapo kuti chipolopolo chilichonse chizikhudza chitsulo chenicheni ndi kusalaza pakhosipo, osati kumangotsetsereka pa mkuwa wa chinzake.

Koma Gale McMillan, katswiri wopanga mfuti wa ku Phoenix, Arizona, yemwe anamwalira mu 2000, ankati zonsezi n'zamalonda chabe. Mfundo yake inali yakuti mpope uli ndi moyo wowerengeka. Moto wa wonga umadya pakhosi nthawi iliyonse mukawombera, ndipo mpope wa mpikisano umasiya kulondola bwino ukatulutsa zipolopolo masauzande ochepa okha. Ndiye mukawononga zambiri pozoloweretsa, amene wapindula ndi wogulitsa mipope.

Ineyo ndikuona kuti phindu lenileni la mwambowu ndi lakuti mpope umadzatsukika mosavuta, makamaka wa mfuti zotchipa zomwe m'kati mwake simunasalazidwe ndi manja. Zoti mfuti imayamba kulasa bwino chifukwa cha zimenezi n'zovuta kutsimikiza, chifukwa mpope umodzi simungauzoloweretse kenako n'kuubwezanso kukhala watsopano kuti muyerekeze. Mtundu wa zipolopolo, mphepo, kumangika kwa sikopu ndi chala cha wowomberayo zimasuntha chipolopolo kwambiri kuposa pamenepa.

Choopsa chili pa ndodo yopukutira ija. Mukamailowetsa mwachisawawa imakanda pakhosi kapena kukamwa kwa mpope, ndipo kukamwako kukangopindika pang'ono, mpweya wotentha umatulukira mbali imodzi n'kukhotetsa chipolopolo pomwe chikungotuluka kumene.