Ndi ADHD kapena ndi Lendi?

Kuno ku Kansenshi, mu Ndola, ndapsereza ndiwo katatu sabata ino. Achemwali akuti kuiwala kumeneku ndi ADHD, vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ine ndikuti ndi nkhawa ya ngongole ya lendi.

Nkhawa imabwera ndi vuto, ndipo vutolo likatha mutu umakhazikika. ADHD simatero. Zizindikiro zake zimayamba munthu asanakwanitse zaka 12, n'kumamutsata kusukulu, kuntchito ndi kunyumba, ngakhale zinthu zili bwino. Mwa akuluakulu 100, pafupifupi atatu ali nayo.

N'chifukwa chake madokotala a maganizo, monga a ku chipatala cha Chainama ku Lusaka, amafunsa za ubwana wako. Ndinafunsa amayi. Akuti sindinkataya makope, ndipo akandituma mchere ndinkabwera ndi mchere. Ndiyambe ndalipira kaye lendi, kuiwalako kukapitirira ndikaonane ndi adokotala.