Ogawa Malo mu Livingstone

Achinyamata akandifunsa za ntchito yokonza mapulani a mizinda, ndimawalozera ku Livingstone. Anthu anasamuka ku Old Drift, m'mbali mwa Zambezi, komwe malungo ankawapulula, n'kukhazikika kumtunda pa nthawi yomwe mlatho wa Victoria Falls unkamalizidwa mu 1905.

Lero nyumba zikuthithikana ku Maramba ndi Dambwa, mahotela akulimbirana gombe, njovu za ku paki ya Mosi-oa-Tunya nazo zikufuna njira yawo. Wokonza mapulani ndiye amalongosola zonsezi, motsatira lamulo la mapulani a mizinda la 2015.

Digiri mungaipeze ku Copperbelt University, ku Kitwe, kenako mulembetse ku Zambia Institute of Planners. Kujambula mapu pakompyuta mudzazolowera msanga. Chimene ndimaona chikutopetsa ambiri ndi misonkhano ya malo ndi mafumu komanso makhansala.