Mafunde a mumlengalenga: chuma cha tonse chomwe chimagamula mtengo wa intaneti

Mu 2013, anthu a m'tauni yaing'ono ya Talea de Castro, kumapiri a dera la Oaxaca m'dziko la Mexico, anatopa n'kudikira. Makampani akuluakulu a mafoni anali atakana kubweretsa netiweki kumeneko, ati anthu ndi ochepa ndipo phindu silingaoneke. Mothandizidwa ndi bungwe la Rhizomatica, anthuwo anagula makina awoawo, anaimika mlongoti, n'kuyamba kuimbirana foni pamtengo wotsika kwambiri.

Makinawo anagwira ntchito bwino, koma panatsala nkhani ya lamulo. Mafunde a wailesi omwe foni imayendera amayang'aniridwa ndi boma, ndipo malamulo a nthawiyo anali olembedwa poganizira makampani olemera okha. Anthuwo analimbikira mpaka bungwe loyang'anira zamtokoma m'dzikomo linapatula kagawo ka mafunde a 850 MHz kuti kazithandiza midzi yotsalira. Mu 2016, bungwe la midziyo, lotchedwa Telecomunicaciones Indígenas Comunitarias, linalandira chiphaso chake.

Zomwe zinachitika ku Mexico zikuunikira mkangano womwe uli m'mayiko ambiri lero. Malinga ndi bungwe la International Telecommunication Union, ITU mwachidule, anthu pafupifupi 2.6 biliyoni anali asanayambe kugwiritsa ntchito intaneti mu 2024, ndipo muno mu Africa ogwiritsa ntchito anali 38 okha pa anthu 100 aliwonse. Ambiri mwa otsalirawa sangafikiridwe ndi nthambo, adzalumikizidwa kudzera mumlengalenga basi. Choncho funso loti ndani aloledwe kugwiritsa ntchito mafundewa, ndiponso alipire zingati, likukhudza mwachindunji mtengo wa bandulo.

Mafundewa n'chiyani?

Wailesi, kanema, foni, ndege, sitima zapamadzi ndi makina oona zanyengo, zonsezi zimatumiza mauthenga pa mafunde osaoneka ndi maso. Mafundewa amasiyana, ena ndi otsika, ena ndi okwera. Otsika, monga a 700 ndi 800 MHz, amapita kutali ndipo amadutsa mitengo ndi zipupa, motero mlongoti umodzi umafikira midzi yambiri. Okwera amanyamula uthenga wochuluka koma safika patali, n'chifukwa chake amayenera m'mizinda. Anthu awiri akamaulutsa pa mafunde amodzi pamalo amodzi, mauthenga amasokonezana. Apa ndi pomwe panachokera malamulo.

Pangano loyamba la mayiko pa nkhani ya wailesi linasainidwa ku Berlin mu 1906. Lero bungwe la ITU, lomwe likulu lake lili ku Geneva, limaitanitsa msonkhano waukulu pakatha zaka zitatu kapena zinayi kuti mayiko agwirizane ntchito ya gawo lililonse la mafunde. Wina unachitikira ku Dubai kumapeto kwa 2023. Zogwirizanazo zikatha, dziko lililonse limagawa lokha ziphaso kudzera m'bungwe lake, monga MACRA kuno ku Malawi, ZICTA ku Zambia ndi ICASA ku South Africa.

Mafunde pa okushoni

Kwa zaka zambiri maboma ankangosankha okha woti apatsidwe chiphaso. Mu 1959, katswiri wa zachuma Ronald Coase ananena kuti mafunde azigulitsidwa kwa wopereka ndalama zambiri. Ganizoli linatenga zaka pafupifupi 30 kuti liyesedwe. Dziko la New Zealand linali m'gulu la oyamba, ndipo America inatsatira mu 1994. Mu 2000, boma la Britain linatolera mapaundi 22.5 biliyoni pogulitsa ziphaso za 3G, ndipo kuyambira pamenepo nduna zachuma m'mayiko ambiri zinayamba kuona mafunde ngati njira yodzazira thumba la boma.

Okushoni ili ndi ubwino wake. Imachitika poyera ndipo imachepetsa kukondera. Ku India, khoti lalikulu linathetsa ziphaso 122 mu 2012 litapeza kuti zinaperekedwa mosatsata chilungamo. Koma mtengo woyambira ukakwera kwambiri, wovutika ndi munthu wamba. Mu 2015, dziko la Ghana linaika pamsika magawo awiri a mafunde a 800 MHz, lililonse pamtengo wa madola 67.5 miliyoni. Kampani ya MTN yokha ndi yomwe inagula, gawo linalo linakhala zaka osagwira ntchito, ndipo mpikisano pa 4G unachepa. Ku South Africa, mikangano ya ndondomeko ndi milandu inachedwetsa kugawa mafunde kwa zaka zoposa khumi, mpaka mu Malichi 2022 pomwe ICASA inatolera marandi 14.4 biliyoni.

Palinso vuto lina lalikulu. Nthawi zambiri chiphaso chimapatsa kampani mafunde a dziko lonse, koma kampaniyo imamanga milongoti komwe kuli makasitomala. Kumadera akutali mafundewo amangokhala, ngati munda wachonde womwe mwini wake waumangira mpanda koma salima, pomwe oyandikana nawo alibe polima. Mafunde osagwiritsidwa ntchito lero sasungika kuti adzathandize mawa, mwayi wa tsikulo umangopita.

Komwe Wi-Fi inachokera

Umboni woti pali njira ina unaoneka kalekale. Mu 1985, bungwe la FCC ku America linalola aliyense kugwiritsa ntchito magawo atatu a mafunde popanda chiphaso, kuphatikizapo la 2.4 GHz. Magawowa ankanyozeka chifukwa makina a m'mafakitale ndi mauvuni a microwave ankatulutsa phokoso momwemo. Lamulo linali loti makina akhale a mphamvu yochepa ndipo apirire kusokonezedwa. Akatswiri anagwirizana za kapangidwe ka makinawo mu 1997, ndipo dzina la Wi-Fi linabwera mu 1999. Lero Wi-Fi ndi Bluetooth zili pafupifupi mufoni iliyonse yamakono, ndipo makina ake ndi otchipa chifukwa amapangidwa ambirimbiri.

Pa mafunde aulerewa ndi pomwe anthu a ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, anamangapo netiweki ya Zenzeleni mothandizana ndi University of the Western Cape. Ndi kopaletivi ya anthu a m'mudzi, imayendera magetsi a dzuwa, ndipo ndalama zomwe anthu amalipira zimazungulira komweko.

Mkangano wa lero uli pa mafunde a 6 GHz. Mu Epulo 2020, America inatsegula 1,200 MHz yonse kuti Wi-Fi izigwiritsa ntchito, ndipo Canada, South Korea ndi Saudi Arabia anachita chimodzimodzi. Mayiko a ku Ulaya anatsegula gawo la m'munsi lokha. Ku msonkhano wa ku Dubai, gawo la kumtunda linazindikiridwa kuti lingagwire ntchito ya mafoni m'chigawo chomwe muli Africa, Ulaya ndi Middle East, koma dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha chochita nalo.

Mipata ya pakati pa makanema

Mayiko a mu Africa ndi Ulaya anagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasiya kuulutsa kanema mwachikale. Kanema wa dijito, yemwe kuno anabwera ndi madikoda a Kiliye Kiliye, amatenga mafunde ochepa, motero ena otsika aja anamasuka. Ngakhale pa mafunde otsalira a kanema pali mipata yomwe palibe akuulutsapo, makamaka kumidzi. Akatswiri anapanga makina omwe amayamba afunsa nkhokwe ya pakompyuta kuti mpata waulere uli pati m'dera lawo, kenako n'kutumiza intaneti pamenepo osasokoneza oonera kanema.

Malawi anali m'gulu la mayiko oyamba mu Africa kuyesa njirayi. Mu 2013, akatswiri a ku Chancellor College motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mogwirizana ndi MACRA komanso bungwe la ICTP la ku Italy, anatumiza intaneti kumalo angapo ku Zomba, kuphatikizapo sukulu ya sekondale ya atsikana ya St Mary's. Chaka chomwecho sukulu khumi za ku Cape Town zinalumikizidwa mwanjira yomweyo, ndipo ku Nanyuki m'dziko la Kenya kampani ya Mawingu inayambira pamenepa. South Africa inakhazikitsa malamulo ake mu 2018. Komabe njirayi sinafalikire monga ankayembekezera, chifukwa malamulo anachedwa m'mayiko ambiri ndipo makina ake anakhalabe okwera mtengo posowa ogula ochuluka.

Kugawana

Mayiko ena tsopano akutsata mfundo yoti amene sakugwiritsa ntchito mafunde ake pamalo ena alole ena agwiritse ntchito. Kuyambira mu 2019, bungwe la Ofcom ku Britain limapereka ziphaso za m'dera laling'ono pa mafunde omwe makampani a mafoni sakuwagwiritsa ntchito kumeneko. Ku America, mafunde a 3.5 GHz amagawidwa pakati pa asilikali apamadzi, ogula ziphaso ndi anthu wamba, ndipo makompyuta ndi omwe amaonetsetsa kuti asasokonezane. Mu 2021, Kenya inakhazikitsa chiphaso chotchipa chapadera cha manetiweki a m'midzi.

Makampani a mafoni amati popanda chiphaso chawochawo sangaike ndalama zambiri pomanga milongoti, ndipo apa akunena zoona. Ndi zoonanso kuti mafunde okha sathetsa zonse, pakuti magetsi, misonkho ndi mtengo wa foni nazonso zimalepheretsa anthu. Koma pa zonsezi, malamulo a mafunde ndi omwe boma lingasinthe popanda kugula kalikonse kunja.

Mabungwe athu oyang'anira zamtokoma aonetse poyera amene ali ndi mafunde ati komanso komwe akuwagwiritsa ntchito. Poika mtengo wa ziphaso, aziwerengera kuchuluka kwa anthu omwe alumikizidwe, ndipo apatule gawo la makopaletivi, masukulu ndi makampani ang'onoang'ono a kumidzi. Aphungu ndi mabungwe oimira ogula azitenga nawo mbali MACRA ikamafunsa maganizo a anthu, chifukwa mafundewa ndi chuma cha mtundu wonse, ndipo munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ali ndi gawo lofanana ndi la wa mumzinda wa Blantyre.