Uta wa msana wa nsungwi suthyoka msanga

Chimanga chikayamba kukhwima m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, alimi oyandikana ndi nkhalango ya Perekezi, kufupi ndi boma la Mzimba, komanso a m'mapiri a kwa Khosolo sagona tulo. Anyani ndi apusi amatsika mbandakucha, nguluwe zimabwera usiku, ndipo gulu limodzi la anyani lingathe kuononga m'mawa umodzi chakudya chimene banja likadadya masabata angapo. Mfuti ndi yodula ndiponso imafuna chilolezo cha boma. Choncho wolondera munda amadalira agalu, legeni, kukuwa ndi uta.

Vuto ndi lakuti mauta a masiku ano sakhalitsa. Mnyamata amadula kamtengo kanthete, n'kumangirira nsinga kakadali kakawisi. Pakapita masabata awiri kafooka kapena kathyoka, iye n'kupita kukadula kena. Timitengo tikutha, ndipo uta ukathyoka uli chikokere, chidutswa chake chimathamangira kumaso kwa mwini wake. Pali njira yopewera zonsezi: kumata mzere wa nsungwi kumsana kwa uta.

Uta umathyokera kuti?

Tengani kanthambi kouma mukapinde pabondo. Muona kuti mbali yakunja ndiyo imayamba kung'ambika, pamene yam'kati imangofinyika. Uta nawo uli chimodzimodzi. Mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita ndiyo msana, ndipo imakokeka. Mbali yoyang'ana kwa woponya ndiyo mimba, ndipo imafinyika. Kamng'alu kakang'ono, mfundo kapena chipsera cha mpeni pamsana ndi pamene imfa ya uta imayambira.

Makolo athu, Atumbuka ndi Achewa, ankasema uta kuchokera ku mtengo umodzi wosankhidwa bwino. Angoni a Zwangendaba, amene adaoloka Zambezi mu 1835, zida zawo zenizeni zidali mkondo, chibonga ndi chishango, monga timaonera pa gule wa Ingoma ku mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora mwezi wa Ogasiti. Uta udali wa eni nthaka, ndipo mitengo yabwino idali ponseponse.

Nzeru yophatikiza zinthu ziwiri idachokera ku maiko ena. Ku Japan amasema uta wotalika kuposa mamita 2 pomata nsungwi ndi mtengo. Anthu a ku Mongolia ndi ku Turkey ankamata mitsempha ya nyama kumsana ndi nyanga kumimba. Mfundo yake ndi imodzi: kumsana ikani chopirira kukokeka, kumimba chopirira kufinyika. Ife nyanga zotere ndi ntchito yaikulu, koma nsungwi tili nayo, ndipo oluka malichero ndi nkhokwe akudziwa kale kuti mphamvu yake ili pakhungu lakunja.

Kusankha mtengo ndi nsungwi

Mtengo wa kumimba ukhale wolemera, wolimba, woongoka ndi wopanda mfundo zambiri. Mtengo umene mumaukhulupirira pa mpini wa nkhwangwa, monga mphangala, ndi poyambira pabwino. Bulugamu wokhwima ndi wolemera angathenso kugwira ntchito akauma pang'onopang'ono. Paini wa ku Chikangawa ndi malaina musataye nawo nthawi: ndi ofewa, amakwinyika kumimba.

Phindu lalikulu lili apa. Popeza msana udzatetezedwa ndi nsungwi, simufunikanso kamtengo kathunthu pa uta uliwonse. Nthambi imodzi yonenepa ngati ntchafu mungathe kuiwaza ndi kupezamo mauta atatu kapena anayi, mtengo wake n'kutsala uli moyo. Dulani pamunda panu kapena m'nkhalango ya m'mudzi mutapempha kwa a mfumu. M'nkhalango ya boma monga Perekezi musalowemo ndi nkhwangwa popanda chilolezo, pakuti lamulo la nkhalango la 1997, lomwe adalikhwimitsa mu 2020, lili ndi zilango zowawa.

Dulani mu Juni kapena Julayi. Pakani phula kapena penti yotsala kunsonga zonse ziwiri kuti mtengo usang'aluke, ndipo muugoneke pamthunzi, kutsindwi kwa nyumba, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Mukatero uta udzakhala wokonzeka chimanga chisanakhwime.

Nsungwi ikhale ya zaka zitatu kapena kuposa, yonenepa koposa zonse patsinde, ya mfundo zotalikirana ndi yosafumbwa. Idulidwenso nyengo ya mvula ikangotha. Iwazeni n'kuiyanika pamthunzi. Kutsindwi kwa khitchini, kumene kumafika utsi, ndi malo abwino.

Kusema ndi kumata

Uta utalike ngati msinkhu wa mwini wake, pafupifupi masentimita 170 kwa munthu wamkulu. Pakati pakhale masentimita 3 m'lifupi, n'kumachepa mpaka kunsonga kukhale ngati chala cha mkombaphala. Semani ndi kasemasema, kenaka palani mbali ya kumsana ikhale yosalala ngati thabwa. Ngati pa Jenda, pa Embangweni kapena pa Mzimba pali kalipentala wodziwana naye, mupempheni akupalireni, chifukwa guluu sagwira pamalo a zigwembezigwembe.

Tsopano tengani mzere wa nsungwi wofanana ndi utawo m'litali ndi m'lifupi. Palani mbali yam'kati yokha mpaka nayonso isalale. Khungu lakunja musalikhudze, ndipo mfundo musazisadze kuti zifanane ndi pena ponse, ingochotsani kakuthwa kokha. Amene amafafaniza mfundo kuti uta ukongole amadula ulusi umene ukadaupulumutsa.

Chenjerani ndi kuchindikala kwa nsungwi. Pakati ikhale mamilimita 3, ndipo kunsonga ichepere mpaka mamilimita 2. Ambiri amaganiza kuti yochindikala ndiyo yabwino, koma nsungwi ikachuluka mphamvu imagonjetsa mtengo wa kumimba. Mudzaona timizere topingasa pamimba, ndipo uta wotero watha ntchito.

Guluu wabwino koposa ndi wa machubu awiri osakaniza, amene amagulitsa m'masitolo a zipangizo zomangira. Sankhani wouma mochedwa, osati wa mphindi zisanu. Guluu woyera wa akalipentala amagwira, koma sapirira chinyezi. Mungathenso kuphika wanu potenthetsa tizidutswa ta chikopa cha ng'ombe chopanda ubweya ndi mafuta, pamoto wochepa kwa maola ambiri, madzi osabwadamuka. Ameneyu ndi wamphamvu ndithu, koma amafewa akanyowa, ndipo kumbukirani kuti anyani timalimbana nawo nthawi ya mvula.

Kandani mbali ziwiri zomatanazo ndi sandipepala wokhakhala, pukutani fumbi, pakani guluu konsekonse n'kuziphatikiza. Kulungani mwamphamvu ndi malegeni a chubu cha njinga kuyambira pakati kunka kunsonga. Kenaka gonekani uta nsungwi ili kumwamba, nsonga zitatsamira pa timatabwa tiwiri, ndipo mangani pakati kuti patsike masentimita 3 kapena 4. Kupindikira kumsana kumeneku kumaonjezera liwiro la muvi. Usiyeni masiku awiri osaugwira. Wa guluu wachikopa udikire sabata yathunthu.

Kuphunzitsa uta kupinda

Apa ndi pamene pamafunika mtima wodekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Semani timipata ta nsinga m'mbali mwa nsonga, osadula nsungwi ya kumsana. Mangani chingwe chachitali, kolekani uta pachikhomo cholimba pakhoma, kokani pang'ono ndipo mnzanu aime patali aone kapindidwe kake. Pamene paumirira, palani kumimba ndi mpeni kapena galasi losweka. Pamene papinda kwambiri, pasiyeni. Mukapala pang'ono, kokani kokwana makumi awiri musanayang'anenso. Bwerezani mpaka mbali zonse ziwiri zipinde mofanana ngati mwezi wongooneka kumene. Kumsana musapaleko ngakhale kamodzi.

Nsinga ingakhale ya khonje wopota bwino, chikopa chopota kapena nayiloni. Mukaimanga, mpata wa pakati pa nsinga ndi chogwirira ukhale ngati nkhonya yoimika chala chachikulu, masentimita 15. Pomaliza kulungani ulusi wolimba pachogwirira ndi kunsonga kuti nsungwi isamatuke, ndipo pakani phula la njuchi kapena mafuta a nsatsi pa uta wonse kuti mvula isalowe.

Mukaweruka kumunda masulani nsinga. Musauimike pafupi ndi moto kapena kuusiya padzuwa. Musakoke ndi kutaya nsinga popanda muvi, pakuti mphamvu yonse imabwerera mu uta n'kuung'amba.

Uta ndi wolondera, si wosakira

Lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe adalikonzanso mu 2017, limaletsa kusaka nyama zotetezedwa popanda chilolezo komanso kulowa ndi zida m'malo osungira nyama, ndipo pa nyama zina chilango chimafika zaka 30 kundende. Pothamangitsa anyani gwiritsani mivi ya mutu wobuntha wa mtengo. Imapweteka mokwanira kuti nyani akumbukire munda wanu.

Inu a kumwera kwenikweni, oyandikira nkhalango ya Kasungu kumene adatulako njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022, musayerekeze kuponya muvi pa njovu. Njovu yovulala ndiyo imapha anthu. Kanenani kwa alonda a nyama zakutchire kapena kwa alangizi a zaulimi.

Achikumbi anzanga, nyani sapereka tsiku. Juni akafika sankhani nthambi yanu ndi nsungwi yanu, muziike kutsindwi. Ndipo pamene mwadula nsungwi, kumbani kachitsa kamodzi mukabzale m'mbali mwa dimba mvula ikayamba. Kadzagwira nthaka pamtsinje, kadzakupatsani nkhokwe, malichero ndi mauta a adzukulu anu.