Mbewa Zonenepa ndi Mthenga wa M'mwazi

M'caka ca 1949, pa Jackson Laboratory ku America, panapezeka mbewa zodabwitsa. Sindinena mbewa zimene anyamata akumba kumunda, iai, koma zowetedwa m'nyumba zoyeseramo mankhwala. Izo zinali kudya kosaleka, kufikira zinalemera katatu kuposa zinzao.

Cifukwa cace cinadziwika mu 1994, pamene Jeffrey Friedman wa ku Rockefeller University anapeza kuti mafuta a m'thupi amatuma mthenga m'mwazi kukauza ubongo kuti cakudya cakwana. Mthengayo ndiye hormone wochedwa leptin, ndipo mbewa zija zinabadwa zopanda iye. Mu 1995 anazilasa nyereti ya leptin. Umbombo unatha, ndipo zinaonda.

Ambiri anayesa kuti mankhwala a kunenepa apezeka. Koma tamverani. Akatswiri anatenga mbewa zabwinobwino nazinenepetsa dala ndi cakudya ca mafuta ambiri. M'mwazi mwa izi leptin anali wocuruka kale, koma ubongo unali utagontha, ndipo nyereti inathandiza pang'ono cabe. Ndiponso mu 2004 akatswiri a ku Osaka anaona kuti mafuta a mbewa zonenepa amaturutsa zinthu zimene zimadya thupi monga dzimbiri lidya citsulo ca pa mgodi.

Leptin amaciritsadi ana owerengeka obadwa opanda iye, monga awiri amene anapezeka ku Cambridge mu 1997. Koma bambo amene mimba yamkulira ndi mowa, shuga ndi zokazinga afanana ndi mbewa zonenepetsedwa zija: leptin ali naye kale wambiri.