Kumanga Miyendo Iwiri pa Mfuti Yosakira Nyama

Lero tilankhula ndi inu alenje okhala m'makomboni a mu Lusaka, monga Chazanga, Matero ndi Chawama, amene muli ndi mfuti zolembetsedwa ku polisi, ndiponso mumatenga chiphaso chosakira ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene likulu lake lili ku Chilanga. Dipatimenti imeneyi ndiyo inalowa m'malo mwa ZAWA kutsatira lamulo la nyama zakuthengo la chaka cha 2015. Nkhani yathu ndi ya kachipangizo kotchedwa bipod m'Chingerezi, ndiko kuti miyendo iwiri yachitsulo yochirikiza mfuti kutsogolo pamene mlenje wagona chafufumimba kapena wakhala pansi.

Choyamba tiyeni tione chifukwa chake kamangidwe ka miyendoyi kali nkhani yaikulu. Mpope wa mfuti yosakira umatalika pafupifupi masentimita 60. Ngati kamwa la mpopewo lapatuka ndi milimita imodzi yokha pa nthawi yowomba, chipolopolo chikayenda mamita 100 chimakagwa masentimita pafupifupi 17 kutali ndi pamene munaloza. Tsono malo a mtima ndi mapapo a nswala sakula kuposa mbale yodyeramo nsima. Kupatuka kotereku n'kokwanira kuti chipolopolo chilowe m'mimba kapena chithyole mwendo, nyama n'kuthawa ndi bala, n'kukafera patali mozunzika. Inu mudzabwerera ku Chazanga chimanjamanja, ndalama za chiphaso ndi za mafuta a galimoto zitapita. Ikakhala nyama yoopsa monga njati, imasanduka chiopsezo kwa amayi otola nkhuni ndi ana a m'midzi yoyandikana, ndipo lamulo likufuna kuti mukanene kwa oyang'anira nyama. Miyendo yomangidwa bwino imachepetsa ngozi zoterezi, pamene yogwedera imaziwonjezera, popeza imanyenga mlenje kuti mfuti yakhazikika.

Musanagwire chida chilichonse, chotsani zipolopolo zonse, tsegulani mfuti, ndipo yang'anani m'kati ndi maso anu. Zipolopolozo muziike m'chipinda china. Nyumba za m'makomboni n'zoyandikana kwambiri, ndipo khoma la midadada wamba silingadaliridwe kuti liimitsa chipolopolo cha mfuti ya .30-06 kapena .308.

Pansi pa mtengo wa mfuti, chakutsogolo, pali kachitsulo kozungulira kokhala ndi chiboo, kamene mumakolekapo lamba wonyamulira mfuti paphewa. Miyendo yambiri yogulitsidwa m'masitolo, monga ya mtundu wa Harris wochokera ku America ndi ina yotengera mtunduwo, imagwira pa kachitsulo kameneka. Motero nchito yonse yagona pa iko. Kagwedezeni ndi zala. Kakazungulira kapena kugwedera, kayambe kakonzedwa. Pa mfuti zina kachitsuloka kanangolowetsedwa m'thabwa ngati sikuluu wamba. Pa zina kali ndi nati m'kati, ndipo kameneko ndiko kolimba. Samalaninso kuti nsonga yake isatulukire m'kati kufikira kukhudza mpope.

Kachitsuloka kakalimba, masulani sikuluu wa miyendo kufikira timano take tiwiri titatseguka. Lowetsani timanoto m'chiboo, kamodzi mbali iyi, kena mbali inayo, ndipo muonetsetse kuti tonse tiwiri talowadi. Miyendo ikapindidwa iloze kutsogolo, kumene kuli kamwa la mfuti. Kenaka mangani sikuluuyo ndi zala kufikira chitsulo cha miyendo chitakhala mosasiya mpata pa mtengo wa mfuti, ndipo mutsirize ndi kupotoza pang'ono pokha ndi sikuludiraiva kapena ndalama yachitsulo. Musamange mwaukali, chifukwa sikuluuyo amakoka kachitsulo kaja, ndipo mukapitirira muyeso mudzakazula m'thabwa kapena kung'amba mtengo. Mfuti zina zamakono zili ndi kanjanji ka mano kotchedwa Picatinny, kamene muyeso wake unakhazikitsidwa ku America mu 1995. Pamenepo miyendo imapana kanjanjiko, ndipo chofunika n'chakuti dzino la miyendo lilowe bwino mumpata wake musanamange.

Tsopano yesani nchito yanu m'njira ziwiri. Imikani mfuti pa miyendo yake ndi kuigwedeza kumanja ndi kumanzere. Pasamveke phokoso lililonse pa malo olumikizira. Kenaka, mfuti ili chiimire pa miyendoyo, tengani kapepala ndi kukalowetsa pakati pa mpope ndi mtengo. Pa mfuti zambiri zamakono mpope unapangidwa kuti usakhudze mtengo, kotero kapepalako kayenera kuyenda kuchokera kutsogolo kufikira kumbuyo osakodwa. Kakakodwa, ndiye kuti kulemera kwa mfuti kukupinda mtengo ndi kukankha mpope. Vuto limeneli limapezeka kawirikawiri pa mitengo yofewa yapulasitiki, ndipo wolikonza ndi mmisiri wa mfuti wovomerezeka.

Kapepalaka kakutiphunzitsa lamulo lalikulu. Mfuti ikalira, mpope umanjenjemera chipolopolo chisanatuluke, ndipo chinthu chilichonse chokhudza mpopewo chimasintha kanjenjemeredwe kake ndi kumene chipolopolo chipita. Chifukwa chake musamange miyendo pa mpope weniweniwo. Amisiri owotcherera zitsulo a m'mbali mwa misewu ya Chazanga ndi aluso pa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma musawapatse mfuti kuti awotchererepo miyendo. Moto umafooketsa chitsulo cha mpope, ndipo mpope wofooka ungaphulike pamaso panu. Dziwaninso kuti pa mfuti zambiri zazikulu, monga za .375 zosakira njati, kachitsulo ka lamba kanaikidwa pa mpope kuti kasapweteke dzanja mfuti ikabwerera m'mbuyo. Pamenepo sipomanga miyendo.

Mukatha kumanga, mfuti iyenera kuyesedwanso, popeza kawirikawiri mfuti yoima pa miyendo imamenya malo osiyana pang'ono ndi pamene imamenya ikagona pa thumba la mchenga. Chitani zimenezi pa bwalo lololedwa kuwomberapo, lokhala ndi chulu kapena mulu wa dothi kumbuyo kwa chandamale. Ikani chandamale pa mamita 100, wombani zipolopolo zitatu, onani pamene zasonkhana, ndipo mukatero mukonze galasi lolozera. Powomba, kankhirani phewa kutsogolo pang'ono kuti miyendo ikungike, ndipo muzichita chimodzimodzi nthawi zonse. Pa thanthwe kapena simenti miyendo imadumpha. Yalanipo chisoti kapena thumba.

Posankha miyendo, ganizirani dera limene mukasakako. Yaifupi, ya masentimita 15 kufikira 23, ndi yowombera chogona pa malo oyera, monga pa lupsa kapena m'mphepete mwa dambo louma. Yaitali, yofika masentimita 60 ndi kupitirira, ndi yowombera chokhala. M'madera osakirako monga Luano, Rufunsa ndi Lupande ku chigwa cha Luangwa, udzu umatalika kuposa munthu wogona, ndipo pamenepo alenje odziwa amatsamiritsa mfuti pa ndodo ziwiri kapena zitatu zomangidwa pamodzi chakumtunda ndi mphira, iwo ali chiimire. Polondola nyama yoopsa m'nkhalango yowirira, miyendo ichotsedwe, chifukwa imakodwa m'zitsamba ndi kulemeretsa mfuti pa nthawi yofunika changu.

Kumbukiraninso kuti sikuluu amene munamanga bwino ku nyumba angamasuke pa ulendo. Mukasiya tala wa msewu wa Great East ndi kulowa m'misewu yafumbi ya mabampu, kugwedezeka kwa maola angapo kumamasula zitsulo. Mukafika ku msasa, ndiponso m'mawa uliwonse musanatuluke, gwirani miyendoyo ndi kuyesa sikuluu wake. Pukutani fumbi m'masipuling'i ndi kudonthezamo mafuta pang'ono. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi ziwiri zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi tsiku lathunthu lolondola magazi m'thengo.

Pobwerera ku nyumba, pindani miyendo, tsekerani mfuti m'bokosi lachitsulo lokhala ndi loko, zipolopolo pa malo ena, kumene ana sangafikeko. Pamene pali chinthu chimene simunachimvetse pa mfuti yanu, kafunseni mmisiri wovomerezeka nyengo yosaka isanayambe. Tsalani bwino.