Mapadi M'zimbudzi za Kuntchito: Agule Ndani?

Kale amayi ambiri ankagwira ntchito pakhomo ndi kumunda basi. Lero zinthu zidasintha. Amayi akuthyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ena akusankha fodya m'maesiteti. Ena ali m'mafakitale ku Blantyre ndi ku Kanengo. Ena ndi alonda, aphunzitsi, anamwino ndi ogulitsa m'masitolo.

Ambiri mwa amayi amenewa amapita kumwezi. Koma ntchito siima chifukwa mayi ali kumwezi. Belu likalira, iye ayenera kukhala pantchito ngati anzake onse. Nchifukwa chake anthu ayamba kufunsa kuti: kodi olemba ntchito aziika mapadi m'zimbudzi za kuntchito?

Mwina ena mukuti, "Imeneyi si nkhani yokamba pagulu." Zoonadi, makolo athu ankaisiya m'manja mwa anankungwi. Koma pantchito palibe nankungwi. Pali kapitawo ndi bwana, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna. Ngati iwo sadziwa vuto, angathandize bwanji? Tsono tiyeni tikambe mwaulemu, koma mosabisa.

Kodi Kusamba Nchiyani?

Kusamba si matenda. Si tsoka, ndiponso si uve. Mwezi uliwonse chiberekero cha mayi chimakonza malo oti mwana akhalemo. Ngati mayi sadatenge pakati, malo aja amayoyoka ndi kutuluka pamodzi ndi magazi. Umenewu ndiwo msambo.

Atsikana ambiri amatha msinkhu ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 15. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Onani, zaka zimenezi ndizo zaka zomwe munthu amagwira ntchito mwamphamvu.

Msambo umabwera pakapita masiku 21 mpaka 35 kuchokera pamene wina udayamba. Umatenga masiku 2 mpaka 7. Koma sikuti nthawi zonse umasunga tsiku. Umatha kufulumira kapena kuchedwa. Izi zimachitika kawirikawiri kwa mayi woyamwitsa, kwa mayi amene ali pa njira zina zolera monga jakisoni, ndi kwa mayi amene ali pafupi kusiya kusamba. Choncho ngakhale mayi wosamala kwambiri, tsiku lina msambo umamudzidzimutsa.

Vuto Lake Lili Pati?

Tiyerekeze mayi wina wothyola tiyi. Walawira mbandakucha, dengu lili kumsana. Dzuwa litakwera, wazindikira kuti zayamba. Alibe padi, alibe nyanda. Golosale ili kutali. Kwawo nkutalinso. Kapitawo ndi mwamuna, ndipo mayiyo akuchita manyazi kumuuza.

Kodi achita chiyani? Mwina ang'amba kansalu kakuda nkuvala. Mwina amanga chitenje china pamwamba, nkumagwira ntchito mtima uli m'mwamba, kuopa kudziwonongera. Mwina anama kuti mutu ukumupweteka, nkubwerera kunyumba. Akatero, makilo a tsiku limenelo achepa, ndipo malipiro achepanso. Ana kunyumba ndiwo avutika.

Palinso nkhani ya umoyo. Padi kapena nyanda iyenera kusinthidwa pakapita maola 4 mpaka 6. Munthu wogwira ntchito maola 8 ayenera kusintha kamodzi kapena kawiri ali kuntchito komweko. Kukhalitsa ndi nsalu yonyowa kumabweretsa kuyabwa, zilonda za m'mphechepeche ndi fungo. Nsalu yosachapa bwino ingathe kubweretsa matenda.

Onena Kuti Abwana Agule

Anthu ena amati olemba ntchito ndiwo ayenera kugula. Zifukwa zawo ndi izi.

Choyamba, m'chimbudzi cha pantchito mumayenera kukhala madzi, sopo ndi mapepala. Palibe bwana wanzeru amene amauza antchito kuti aliyense azibwera ndi ndowa yake ya madzi. Mapadi nawo ndi chinthu cha ukhondo. Kusiyana kwake nkwakuti amagwiritsa ntchito ndi amayi okha.

Chachiwiri, bwana nayenso amapindula. Mayi akabwerera kunyumba masana, makina ake amaima, mzere wake wa tiyi umatsala. Mtengo wa padi imodzi ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito ya theka la tsiku.

Chachitatu, ndi nkhani ya ulemu. Mayi wamkulu, mwina woyenera kukhala mayi wake wa kapitawo, sayenera kupempha zinthu zotere monong'ona ngati waba.

Onena Kuti Mayi Azidzigulira

Ena amatsutsa, ndipo mfundo zawo nzofunika kuzimva. Amati munthu amalandira malipiro kuti azigula zosowa zake. Amati mwini kagolosale kakang'ono kapena kamalo kodyera sangakwanitse. Amati ena azitenga ambiri nkupita nawo kunyumba, kapena kukagulitsa. Amatinso amayi amakonda zosiyana. Wina amafuna mapadi otaya, wina ochapa, wina nyanda, wina kakapu kofewa kovala mkati, kamene kamakhala zaka zambiri.

Tiyeni Tiwerengere

Inu mwaphunzira masamu. Tiyeni tiwagwiritse ntchito. Tiyerekeze kuti pamalo pena pali amayi 20, ndipo m'paketi imodzi muli mapadi 10.

Ngati bwana apereka mapadi onse ofunika pa nthawi ya ntchito, tinene kuti mayi aliyense atenga 2 pa tsiku kwa masiku 4. Amenewo ndi mapadi 8. Amayi 20 atenga mapadi 160. Ndiye kuti mapaketi 16 pa mwezi.

Ngati bwana asunga a mwadzidzidzi okha, tinene kuti mayi aliyense atenga 2 pa mwezi. Onse pamodzi ndi mapadi 40. Ndiye kuti mapaketi 4 okha.

Funsani mtengo wa paketi ku golosale ya kwanu, muchulukitse ndi 4. Kenaka yerekezani ndi malipiro a amayi 20 pa tsiku limodzi. Muona nokha kumene kukulemera.

Maiko Ena Adachitapo Chiyani?

Mu 2004 dziko la Kenya lidachotsa msonkho wa VAT pa mapadi. Mu 2017 lidakhazikitsa lamulo lakuti boma lizipereka mapadi aulere kwa atsikana a m'sukulu za boma. South Africa idachotsa VAT pa mapadi mu 2019.

Mu 2020 nyumba ya malamulo ya ku Scotland idavomereza lamulo lakuti aliyense wofuna mapadi aziwapeza ulere. Amene adabweretsa lamuloli ndi phungu wamkazi, Monica Lennon. Lidayamba kugwira ntchito mu 2022. Udindo lidaupereka kwa makhonsolo, masukulu ndi makoleji.

Anansi athu a ku Zambia adatsata njira ina. Lamulo lawo la ntchito la 2019 lidalola mayi wapantchito kupuma tsiku limodzi mwezi uliwonse popanda kuonetsa kalata ya kuchipatala. Dziko la Japan lidaika tchuthi cha amayi ovutika ndi msambo m'malamulo ake kale mu 1947.

Nanga Kuno Kwathu?

Mu 2022 boma la Malawi lidachotsa misonkho ina pa mapadi kuti mtengo utsike. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito lidalamula olemba ntchito kukhala ndi zimbudzi zaukhondo, za amayi pazokha ndi za abambo pazokha, komanso madzi akumwa ndi malo osambirapo m'manja. Za mapadi silidatchule. Choncho nkhani imeneyi imafuna kukambirana pakati pa antchito ndi abwana awo.

Tsono Chabwino Nchiti?

Tikaika mfundo zonse pasikelo, tiona kuti kampani yaikulu, esiteti ndi ofesi zingathe kuika mapadi m'chimbudzi cha amayi popanda kugwa nazo. Malo aang'ono angathe kusunga paketi imodzi kapena awiri a mwadzidzidzi. Ngati pali mantha akuti ena aziba, amayi asankhe mnzawo wokhulupirika kuti azisunga bokosilo. Makiyi asakhale ndi mwamuna. Amayi a kumunda, amene ali kutali ndi zimbudzi, mnzawoyo aziwanyamulira ochepa m'kachikwama.

Koma padi payokha sikwanira. Pafunikanso izi:

1. Chimbudzi cha amayi chokhala ndi chitseko chotsekeka mkati.
2. Madzi ndi sopo pafupi.
3. Bini ya chivindikiro yotayamo mapadi. Osataya padi m'chimbudzi chogejemula, chifukwa imatseka mapaipi.
4. Nthawi yopita kuchimbudzi popanda kufunsidwa mafunso ambirimbiri.

Tingayambe Bwanji?

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayi, musadikire kuti bwana alote. Kumanani panokha. Gwirizanani zimene mukufuna. Werengerani mtengo wake monga tachitira muja. Tsopano mumatha kulemba, choncho lembani kalata yaifupi, yaulemu, ndipo musaine nonse. Ngati pantchito panu pali bungwe la antchito, perekani nkhaniyi kwa atsogoleri ake. Ngati palibe chimbudzi kapena madzi nkomwe, mungathe kukadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu.

Inu abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Mayi amene mukumuseka kuntchito ndi mkazi wa mnzanu, ndi mlongo wa wina. Mawa adzakhala mwana wanu. Mukaona mayi wadziwonongera, uzani mayi mnzake mwakachetechete kuti amuthandize.

Chenjezo kwa amayi: ngati magazi akutuluka ambiri moti mukusintha padi ola lililonse, ngati msambo wapitirira masiku 7, kapena ngati cham'mimba chikukulepheretsani kugwira ntchito, pitani kuchipatala. Kutaya magazi ambiri kumachepetsa magazi m'thupi, ndipo munthu amafooka.

Chaka chilichonse pa 28 May, kuyambira mu 2014, maiko ambiri amakumbukira tsiku la ukhondo wa msambo. Limeneli lingakhale tsiku labwino loperekera kalata yanu ija.

Mafunso Okambirana

1. Kodi padi kapena nyanda iyenera kusinthidwa pakapita maola angati?
2. Tchulani zinthu 4 zofunika pantchito kuwonjezera pa mapadi.
3. Pamalo pena pali amayi 35. Aliyense atenga mapadi 2 pa mwezi. Pafunika mapaketi angati a mapadi 10?
4. Inu mukuganiza kuti agule ndani? Perekani zifukwa zanu.
5. Lembani kalata ya mizere 5 yopita kwa bwana, yopempha bini ndi sopo m'chimbudzi cha amayi.